Katundu Wawonongeka Panjira: Tikuyankha Mafunso Anu

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukhudza katundu wotumizidwa pa lole, pa sitima yapamadzi kapena pa ndege, amene wafika wosweka, wonyowa, kapena sanafike n'komwe. Tasankhapo awa.

Akonzi, ndinalandira makatoni 60 a matailosi pa lole. Dalaivala anali pachangu, choncho ndinasaina pepala lake osatsegula. M'mawa mwake ndinapeza kuti makatoni 9 muli zidutswa zokhazokha. Kampani ikuti ndinasaina kuti zonse zili bwino. Kodi basi zathera pomwepo? — Wogulitsa zomangira

Sizinathe, koma siginecha ija yakulemetsani mtolo. Mukasaina osalembapo dandaulo, lamulo limatenga kuti katundu anafika monga alili pa chikalata, ndipo udindo wosonyeza kuti anasweka ali m'manja mwa wonyamula umagwera inu.

Chokupulumutsani n'choti malamulo amasiyanitsa kuwonongeka koonekera kunja ndi kobisika mkati. Koonekera kumayenera kulembedwa pomwepo polandira. Kobisika kuli ndi masiku ake, koma ndi ochepa. Pangano la CMR la mu 1956, lokhudza katundu wapamsewu wodutsa malire, limapereka masiku 7 osawerengera Lamlungu ndi masiku atchuthi. Panyanja, malamulo a Hague-Visby amapereka masiku 3 okha, pamene a Hamburg a mu 1978 amapereka 15. Pa ndege, pangano la Montreal la mu 1999 limapereka masiku 14, ndipo kumeneko ndiye n'kokhwima: mukaphonya, khomo la khoti latsekeka. CMR siigwira ntchito m'mayiko onse, choncho tembenuzani chikalata chanu muwerenge timalemba ting'onoting'ono takumbuyo, chifukwa nthawi zambiri masiku amene akukumangani ali pamenepo.

Lembani kalata lero lomwe. Foni siisiya umboni. M'kalatamo mutchule nambala ya chikalata, tsiku lolandira, chiwerengero cha makatoni osweka, ndiponso kuti mukufuna kampaniyo ilipire. Kuchuluka kwa ndalama mutumiza pambuyo, musachedwe nako. Aitaneni adzaone okha. Makatoniwo musataye ngakhale limodzi, ndipo jambulani mbali zonse, chizindikiro chake chikuoneka. Kona yophwanyika kapena mzere wa lamba womangira umene unalowa mkati mwa katoni ndi zimene zimasonyeza kuti vuto linachitika panjira osati m'nyumba yanu yosungiramo katundu.

Ulendo wina dalaivala adikire. Werengani makatoni, zungulirani paleti iliyonse, ndipo lembani zenizeni zimene mwaona: "makatoni 9 ophwanyika m'makona, 2 onyowa pansi". Iyenso asainepo. Mawu ongoti "ndalandira koma sindinatsegule" sateteza kwenikweni, chifukwa satchula vuto lililonse.

Bokosi langa la makilogalamu 40 la zipangizo zamakompyuta linasowa pa ndege. Kampani yavomera kulakwa, koma ndalama imene ikupereka ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi invoisi yanga. Akundibera? — Mayi wamalonda

Mayi, n'zopweteka, koma n'kutheka kuti akutsata lamulo. Wonyamula katundu salipira mtengo wonse wa katunduyo ukapitirira malire, ndipo malirewo amaikidwa poona kulemera kwake. Malirewo amawerengedwa mu SDR, muyezo wa ndalama wa bungwe la IMF umene mtengo wake umasintha tsiku ndi tsiku. Pansi pa pangano la Montreal, kuyambira pa 28 Disembala 2024, malire ndi 26 SDR pa kilogalamu. Bokosi lanu ndiye kuti silingapitirire 1,040 SDR, kaya munali njerwa kaya munali makompyuta. Pamsewu CMR imapereka 8.33 SDR pa kilogalamu. Panyanja Hague-Visby imapereka 2 SDR pa kilogalamu kapena 666.67 SDR pa phukusi, potengera chimene chakula.

Mawu oti "phukusi" amenewa otumiza pa kontena awasamale. Chikalata cha sitima, chimene amachitcha bill of lading, chikalembedwa kuti "kontena imodzi" basi, kontena yonseyo imawerengedwa ngati phukusi limodzi. Chikalembedwa kuti "kontena imodzi yokhala ndi makatoni 500", katoni iliyonse ndi phukusi palokha, ndipo malire amakwera kufika pa 333,335 SDR. Kontena yomweyo, itakhala ya makilogalamu 8,000 koma makatoni osatchulidwa, ikanathera pa 16,000 SDR. Mzere umodzi wa pachikalata ndi umene ukusiyanitsa pamenepa.

Njira zodutsira malire zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kulembetsa mtengo weniweni wa katundu potumiza n'kulipira ndalama yowonjezera. Yachiwiri, imene ife timalimbikitsa, ndi inshuwalansi ya katundu. Kawirikawiri amaika mtengo wa katundu pamodzi ndi wamayendedwe n'kuwonjezerapo 10 peresenti. Koma funsani kuti ndi ya mtundu wanji pa Institute Cargo Clauses, mfundo zimene zimagawa inshuwalansi ya katundu m'mitundu itatu: A, B ndi C. Ya C imateteza pa ngozi zikuluzikulu monga moto, kumira ndi kugubuduzika kwa galimoto. Ya B imawonjezera zina, monga madzi am'nyanja kapena amumtsinje olowa m'kontena. Zonse ziwirizi kuba mulibe. Ya A ndi imene imafikako, ngakhale nayonso siilipira katundu amene anapakiridwa mosasamala kapena amene wawonongeka chifukwa cha kuchedwa.

Kontena yanga ya nsalu yafika seal yake yotsekera zitseko ili yosadulidwa, koma nsalu zambiri ndi zonyowa ndiponso zachita nkhungu. Eni sitima akukana, wogulitsanso akukana ponena kuti tinagwirizana CIF. Ndigwire ndani? — Woitanitsa nsalu

Pa CIF, mgwirizano woti wogulitsa ndiye alipire mayendedwe ndi inshuwalansi, wogulitsa akunena zoona pang'ono: chiopsezo chimasamukira kwa inu katundu akangokwera sitima kudoko lochokera. Koma iye amayenera kukugulirani inshuwalansi n'kukupatsani satifiketi yake. Vuto n'loti malamulo a Incoterms 2020, amene amalongosola migwirizano ngati CIF, amangomukakamiza kugula ya C, imene madzi olowa m'kontena siiwadziwa. Onani satifiketiyo musanachite china chilichonse.

Kenako funso ndi lakuti madziwo anachokera kuti, ndipo kontenayo ikhoza kuyankha yokha ngati simunaibweze. Lowani mkati masana, wina atseke zitseko, muyang'ane kudenga ndi m'makona. Kadontho ka kuwala ndiye kuti pali bowo. Gwirani mphira wa m'zitseko muone ngati wang'ambika kapena wauma. Onaninso mmene kunyowako kwayendera. Mzere wamadzi wofanana msinkhu kuzungulira pansi umasonyeza kuti kontena inakhala m'madzi. Mikukutu yapamwamba yokha ikanyowa, kudenga kuli timadontho, ameneyo ndi thukuta la kontena: chinyezi cha m'mapaleti aawisi kapena cha m'nsalu momwemo chimakwera masana kukatentha, usiku denga likazizira n'kumadonthera pansi. Limeneli ndi vuto la kapakiridwe, ndipo mlandu umabwerera kwa amene anapakira popanda timatumba toyamwa chinyezi.

Itanani katswiri woyeza kuwonongeka kwa katundu, amene dzina lake limakhala pa satifiketi ya inshuwalansi, ndipo eni sitima muwalembere kuti akhalepo poyezapo. Iye amadontheza mankhwala a silver nitrate m'madzi otsukira kansalu konyowako. Akachita mbuu ngati mkaka ndiye kuti muli mchere, chizindikiro choti akhoza kukhala madzi am'nyanja. Chitani izi mwachangu, chifukwa kontena ikakhalitsa kwa inu eni ake amalipiritsa tsiku lililonse. Pamene mukudikira, patulani nsalu zouma, ndipo zonyowa ziyanikeni katswiri akangoziona. Ndi udindo wanu kuchepetsa kuwonongeka, ndipo zimene zavunda chifukwa chozilekerera palibe amene adzakulipireni.

Ndinapereka dandaulo kwa eni sitima miyezi 8 yapitayo. Yankho lawo ndi limodzimodzi: "tikufufuza". Ndidikirebe? — Wowerenga wathu

Ayi, bambo kapena mayi, nthawi ikukutherani. Pa Hague-Visby muli ndi chaka chimodzi chokasumira kukhoti, kuyambira tsiku limene katundu anaperekedwa kapena limene amayenera kuperekedwa, ndipo kalata ya dandaulo siimitsa chaka chimenechi. Mwatsala ndi miyezi 4 kapena kuchepera apo. Alembereni kupempha kuti awonjezere nthawi, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa. Akakana kapena akangoti chete, pitani kwa loya wodziwa zamayendedwe apanyanja. Pa Hamburg ndi pa Montreal ndi zaka 2. CMR yokha ndi imene imaimitsa nthawi mukapereka dandaulo lolemba, mpaka tsiku limene wonyamula walikana polemba n'kubweza mapepala anu.

Onetsetsaninso kuti sakukusungani chifukwa cha pepala losowa. Amafuna chikalata chonyamulira, invoisi, mndandanda wa zimene zinapakiridwa, pepala lolandirira, zithunzi, lipoti la katswiri, ndi chiwerengero chomveka cha ndalama imene mukufuna, mutachotsapo zimene mwapeza pogulitsa zotsala. Ngati muli ndi inshuwalansi, musasaine pepala lililonse lovomera kandalama kothetsera nkhani a inshuwalansi asanavomereze. Iwo akakulipirani amatenga ufulu wanu n'kukalonjerera ndalamayo kwa wonyamula, ndiye mukautaya ufuluwo akhoza kukudulani malipiro kapena kukana kumene.

Sitima inachita ngozi, katundu wanga sanakhudzidwe, koma akuti ndilipire ndisanamutenge. Zoona? — Wamalonda wamng'ono

Zoona. Limeneli ndi lamulo lakale lapanyanja lotchedwa general average: zimene zatayika kapena kuwonongedwa mwadala populumutsa sitima ndi katundu, onse amene apulumuka amagawana molingana ndi mtengo wa katundu wawo. Eni sitima ya Ever Given analengeza zimenezi itatsakamira mu Suez Canal mu Malichi 2021. Ngati muli ndi inshuwalansi, ngakhale ya C, kampani yanu imapereka chikalata cha chikole ndipo katundu amatuluka. Ngati mulibe, mudzafunika kuika ndalama yachikole nokha, ndipo kuwerengera gawo la aliyense kumatha kutenga zaka.