Mwana wanga akufuna kuphunzira za mankhwala a m'masamba a nimu, alowere kuti?

Funsoli lachokera kwa mayi wina wa ku Matero. Mwana wao wamkazi ali mu Grade 11, kemisitiri amakhoza bwino, koma unesi umene bambo ake akumufunira iye sakuufuna, akuti akufuna kudziwa kuti kodi m'masamba a nimu muli chiyani poti agogo ake amawiritsa masambawo munthu akangotentha thupi. Ndiye mayiwo akufunsa ngati sukulu ya zimenezi ilipo, komanso ngati ntchito ilipo kapena mwana adzangokhala pakhomo ndi pepala lake.

Amayi, mwanayo musamutseke pakamwa, wafunsa funso la anthu a sayansi enieni. Koma dziwani kuti palibe digiri yotchedwa "masamba", khomo lolowera ndi kemisitiri kapena famase basi, za mitengozo zimabwera patsogolo akafika pa pulojekiti ya chaka chomaliza ndi pa masters.

Nimu anthu anayamba kalekale kuufufuza. Mu 1942 katswiri wina dzina lake Salimuzzaman Siddiqui anapatula mankhwala otchedwa nimbin kuchokera m'mafuta a nimu, ndipo mu 1968 kunapezeka azadirachtin, imene imachuluka m'njere kuposa m'masamba ndipo imapangitsa kuti tizilombo ta m'munda tileke kudya mbewu. M'masamba muli nimbolide, quercetin ndi zina zambiri. Komanso mankhwala a malungo amene timalandira ku kiliniki aja, Coartem, muli artemether yochokera ku artemisinin imene mayi wa ku China, Tu Youyou, ndi anzake anaipeza m'chomera cha Artemisia annua mu 1972, ndipo mphoto ya Nobel anailandira mu 2015. Onani zaka zimene zinadutsa pakatipo. Ntchito iyi imafuna munthu wodekha.

Tsiku la mu labu limayenda chonchi, kuti mwana adziwiretu ngati ndi zimene akufunadi. Mumathyola masamba, nthambi imodzi mumaipereka kwa odziwa zomera kuti atsimikize dzina la mtengo, enawo mumayanika pamthunzi, kusinja mpaka ufa, kunyika mu ethanol kapena methanol, kusefa, kenako kuuma kuti patsale phala lobiriwira lomata m'botolo. Apa ndiye pamayambira kuyeza kuti mudziwe magulu a mankhwala amene ali m'phalamo. Mukakhutchumula ndi madzi thovu n'kukhala osatha msanga ndiye kuti muli ma saponin, mukadonthetsa ferric chloride madzi n'kuda ndiye ma tannin amenewo, ma alkaloid amaoneka ndi timibulu ta olenji mukathira mankhwala oyezera otchedwa Dragendorff. Kenako mumagwiritsa ntchito njira za mu labu zotchedwa TLC ndi HPLC kuti mupatule mankhwalawo amodziamodzi, mwinanso kuyesa pa mabakiteriya m'kambale kuti muone ngati akufa. Zambiri ndi kuyeza pa sikelo, kulemba manambala, kutsuka magalasi ndi kubwereza zomwezo, ndiye masamu sangawathawe ayi.

Ndipo apa ndi pamene ine ndimaona kuti Zambia ikufunadi ana ngati ameneyu. Mtengo wa ku Chipata ndi wa ku Kafue sungakhale ndi mphamvu yofanana, masamba a m'dzinja ndi a m'chilimwe amasiyananso, choncho kapu ya agogo lero ndi ya mawa si muyezo umodzi, pamene pa Soweto Market mabotolo a zitsamba ali mbwee opanda wodziwa muyezo wake. Mafuta a nimu amavulaza makanda akamwetsedwa, ndipo thupi likatentha kayezetseni malungo kaye, izi ndikunena ndi mtima wonse.

Manje za sukulu. Pa mayeso a ECZ akhale ndi ma credit asanu kuphatikiza Chingelezi, masamu ndi sayansi, koma asangodalira asanuwo chifukwa mpikisano ndi woopsa, mapointi akhale ochepa. Ngati pasukulu pake amaphunzitsa Chemistry 5070 payokha ndi bwino kwambiri kuposa Science 5124, ngakhale nayonso imalowetsa. Ku UNZA, pa Great East Road ndi kumene kuli digiri ya kemisitiri, famase ili ku School of Health Sciences ku Ridgeway. Mapointi akavuta, Evelyn Hone College ili ndi ma dipuloma a famase ndi a za mu labu, ndipo munthu atha kukwera kuchokera pamenepo. Za fizi, loni ya boma ya ophunzira a ku yunivesite, ya HELSB, mufunsire akangolandira kalata ya malo, musachedwe nazo.

Pa ntchito ndisakunamizeni, malo ofufuza zitsamba zokhazokha ndi ochepa, ndipo ambiri amafuna masters. NISIR, bungwe la boma lofufuza za sayansi, ilipo, ZARI yofufuza za ulimi ku Mount Makulu ilipo, ZAMRA imene imayang'anira mankhwala ndi ZABS yoona miyezo ya katundu ali ndi ma labu, koma salemba anthu chaka chilichonse. Ambiri a kemisitiri amayambira ku labu ya migodi, ya madzi, ya zakudya ndi zakumwa kapena kuphunzitsa. Chifukwa chake ngati nkhawa ya bambo ndi yoti mwana adzapeze malipiro msanga, ine ndingasankhe famase, akamaliza n'kulembetsa ku HPCZ, bungwe loyang'anira ogwira ntchito za umoyo, amagwira ntchito kuchipatala kapena m'famase, ndipo mkati mwa kosiyo muli phunziro la pharmacognosy lomwe ndi la mankhwala ochokera ku zomera ndendende. Bambo awonetseni zimenezi, mwina mtima ukhala pansi.

Teremu ino alowe kalabu ya sayansi ya JETS pasukulu pake, apemphe aphunzitsi a kemisitiri amuthandize kuyeza thovu ndi ferric chloride pa masamba a nimu ndi a chamwamba, alembe zonse m'kope ndipo akapikisane nazo. Akamaliza pulojekitiyo akadali ndi chidwi, yambani kusonkhanitsa za mafomu a famase.