Imani pa mainchi 2, achimwene

Mwafunsa ngati mungakweze Hilux yanu ndi mainchi 3, kuika matayala a mainchi 33, n'kumapitabe nayo kuntchito tsiku lililonse kuchokera ku Chitungwiza, kufupi ndi Harare. Ine ndingati imani pa mainchi 2. Kutsogoloko kuli ma CV, majointi opititsa mphamvu ku mawilo akutsogolo, ndipo mukakweza kwambiri amapendekeka, mphira zake zimang'ambika. Zinandionekera ine paulendo wakumudzi: nditaima pa boda ya Nyamapanda ndinapeza girisi wakuda atamwazikira mkati mwa rimu yonse, mtima unandiwawa kwambiri.

Nkhani yaikulu ili pa difu, magiya ogawira mawilo mphamvu ya injini. Mwati panopa muli ndi difu ya 4.10 (shafiti imazungulira ka 4.10 kuti tayala lizungulire kamodzi) ndi matayala a mainchi 31. Chulukitsani 4.10 ndi 33, mugawe ndi 31, mupeza 4.36. Ndiye kuti 4.30 ibwezera galimoto pafupi ndi mmene inkakokera kale. 4.56 ikupatsani mphamvu pokwera miyala ya ku Domboshava, koma pa Seke Road, msewu wopita ku Harare, injini izilira kwambiri, dizilo n'kumatha msanga. Poti yanuyo ndi yoyendera tsiku ndi tsiku, ine ndingatenge 4.30. Mukasiya 4.10 yomweyo, izinyamuka mwaulesi pa maloboti, komanso muvi wa liwiro ukaloza 100 mudziwe kuti mukuthamanga pafupifupi 106.

Chonde sinthani difu yakutsogolo ndi yakumbuyo limodzi. Zikasiyana, mukangolowetsa 4x4 mawilo azikanganirana mpaka china chake chithyoke. Magiya atsopanowo muyende nawo mofatsa makilomita 800 oyamba osakoka ngolo, kenako mukhetse oilo wa mu difu, muthire watsopano.