Funsani Azakhali: Ndikufuna kuyenda ndekha, ndipite kuti?

Azakhali,
Ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala ku Chilenje ndipo ndimasoka zovala pamsika. Mwezi wa Epulo ndi nthawi yanga yolandira chilimba, ndipo ulendo uno ndatsimikiza kuti ndalamayo sindigulira mapoto kapena makatani. Chibadwire sindinatulukepo mu Lusaka kupatula popita kumaliro kumudzi kwathu ku Katete. Ndikufuna ndikapume masiku anayi kwinakwake ndekha, ana ndiwasiyira agogo awo. Mnzanga wina akuti Siavonga, wina akuti kunyanja ya Malawi, ine mtima uli ku Livingstone. Koma achimwene anga akuti mkazi woyenda yekha ndiye kuti pali zimene akubisa, komanso akuti akandibera. Ndisankhe kuti?
Wosoka wa ku Chilenje

Mwananga, pita ku Livingstone. Malo ena awiriwo si oipa ayi, koma pa ulendo woyamba mkazi amene ali yekha ayenera kudzifunsa chinthu chimodzi: kodi ndikafika dzuwa lisanalowe, pa basi imodzi, pamalo pamene akundidikira? Zithunzi zokongola za pa Facebook zibwere pambuyo.

Ndikunena zimene ndinaziona ndi maso anga. Nditangoyamba malonda a zitenje, ndinakwera basi yonyamuka mochedwa yopita ku Chipata, poganiza kuti basi ndi basi. Inafa titangodutsa Nyimba, ndipo tinakafika usiku kwambiri, anthu atagona kale. Pogona ndinali ndisanakonze. Mnyamata wa teksi anati akudziwa malo otchipa, ine n'kukwera. Chipinda chimene anandipatsa, chitseko chake ankatsekera msomali wopinda. Ndinakankhira bedi kuchitseko, ndalama n'kumanga m'chitenje m'chiuno, n'kukhala tsonga nsapato zili kuphazi. Kawiri konse wina anagwedeza chitsekocho. Palibe chimene chinandichitikira, koma mtima unagunda mpaka tambala woyamba analira. Chipata sinalakwe, ndapitako kambirimbiri pambuyo pake n'kugona tulo tabwino. Cholakwika chinali nthawi imene ndinafika, ndiponso kulola munthu wosamudziwa kundisankhira pogona.

Ku Livingstone ndi makilomita pafupifupi 470, msewu umodzi, wosasintha basi. Tikiti ukagule dzulo lake pasiteshoni ya mabasi ya Intercity, pawindo la kampani yeniyeniyo, osati kwa anyamata aja amakuthamangira pageti n'kukulanda chikwama usanatchule kumene ukupita. Ukakwera ya 6 koloko m'mawa udutsa Kafue, Mazabuka ndi minda yake ya nzimbe, Monze, Choma, Kalomo, ndipo ufika masana dzuwa likadali m'mwamba. Pogula tikiti upemphe mpando wa kutsogolo. Tauni ya Livingstone inazolowera alendo, moti mkazi wokhala yekha patebulo akudya nsima yake sadabwitsa munthu. Kumeneko amalankhula kwambiri Chitonga ndi Chilozi, koma Chinyanja chathu chimamveka pamsika ndi m'mateksi.

Ndipo chilimba chako chagwera mwezi wabwino. Mu Epulo ndi Meyi mtsinje wa Zambezi umakhala wodzaza, ndipo mathithi a Victoria amaoneka mmene dzina lake lina limanenera, Mosi-oa-Tunya, utsi umene umagunda. Ali makilomita 10 kuchokera m'tauni. Madzi amagwera m'phompho lakuya mamita oposa 100, m'lifupi mwake mamita 1,708, ndipo phokoso umayamba kulimva usanaone kanthu. Pa kamlatho ka Knife-Edge unyowa thupi lonse ngati wagwidwa ndi mvula ya Januwale, kotero foni uikulunge m'pulasitiki ndipo uvale nsapato zosaterera. Ine ndinaima pamenepo utawaleza uli pansi pa mapazi anga, chitenje chikudontha madzi, misozi n'kutuluka osadziwa chifukwa chake. Amene amapita mu Okutobala kapena Novembala amakapeza mbali yathu ya Zambia ili miyala yokhayokha, madzi akungotsika pang'onopang'ono. Usaiwale chitupa chako cha NRC, chifukwa nzika zimalipira zochepa pageti poyerekeza ndi alendo akunja. Chakudya usanyamule m'manja, anyani a pamenepo amalanda osaopa.

Tsiku lina ukalowe mu Livingstone Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inayamba mu 1934 ndipo ndi yakale kuposa zonse m'dziko muno. Muli makalata ndi katundu wa David Livingstone, amene anafika pamathithiwo mu 1855. Ukhozanso kupempha kapepala kwa a imigireshoni n'kuyenda wapansi kukaima pamlatho wa 1905 wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe.

Za pogona, imba foni usananyamuke, ulankhule ndi munthu. Funsa ngati chitseko chimakhomeka mkati, ngati pali mlonda usiku, ngati angakutumizire teksi yawo kudzakutenga pasiteshoni. Usachite manyazi, safunsa anadya phula. Ndalama zonse usatumiziretu pafoni ku nambala imene wangoiona pa intaneti. Lipira usiku umodzi, zotsala ukamalize utaona chipindacho.

Siavonga ndi pafupi, makilomita ngati 200, ndipo nyanja ya Kariba imakongola madzulo nyali za asodzi a kapenta zikayaka pamadzi. Koma malo ogona ambiri ali patalipatali m'mbali mwa nyanja, wopanda galimoto amavutika kuyenda, ndipo m'madzimo muli ng'ona ndi mvuu, si mosambira. Ambiri amapitako m'magulu a kuntchito kapena a kutchalitchi. Uli wekha, tsiku lachiwiri udzayamba kusowa chochita.

Kunyanja ya Malawi ndimakukonda kuposa konse, ndipo iwe wa ku Katete ukalankhula ngati uli kwanu. Pamafunika pasipoti, viza ayi. Koma taona njira yake: basi ya tsiku lathunthu kukafika ku Chipata, kugona, m'mawa teksi ya ku Mwami, kuwoloka malire kupita ku Mchinji, ina ya ku Lilongwe, ina ya ku Salima, kenako ka ku Senga Bay. Paliponse posintha galimoto ndi pamene mlendo amasokonezeka, osintha ndalama a m'mbali mwa msewu n'kumupusitsa. Masiku ako anayi athera panjira. Umenewo ukhale ulendo wachiwiri, wa sabata yathunthu, ndipo ukadzabwerako ukayezetse likodzo ngati unasamba m'nyanja.

Tsopano za achimwene ako. Mawu awo ali pawiri. Mantha akuti akakubera ndi enieni, ndipo uwayankhe mwaulemu: uwapatse dzina la kumene ukagone, kampani ya basi, ndipo uziwaimbira m'mawa ndi madzulo. Ndalama uzigawe, zina pafoni, zina m'thumba la mkati. Chakumwa chako usachisiye patebulo n'kudzachibwerera, ndipo mwamuna wosamudziwa akafunsa ngati uli wekha, unene kuti achemwali ako akukudikira. Koma zoti ukubisa zinazake, zimenezo zimandiwawa. Azimayi angati a mu Lusaka amapita okha ku Nakonde, ku Dar es Salaam, ku Johannesburg kukaoda katundu, mabanja n'kudya, ana n'kupita kusukulu? Palibe amene amawafunsa. Iwe wemwe kumaliro ku Katete umakwera basi wekha, achimwene ako osadandaula. Wakhala pamakina chaka chonse msana ukuwawa, ndalamayo ndi thukuta lako. Uwauze tsiku limene unyamuke ndi limene ubwere.

Azakhali,
Ndinapuma pantchito yauphunzitsi chaka chatha. Ndimalakalaka kukwera sitima ya TAZARA mpaka ku Dar es Salaam. Kodi mayi wa zaka 61 angathe yekha?
Mphunzitsi wopuma, Kaunda Square

Amayi, mungathe ndithu, ndipo sitimayi ili ndi ubwino umene basi ilibe. M'zipinda zogona, amuna ndi akazi amawapatula pokhapokha banja litalipira chipinda chonse, kotero mudzagona ndi azimayi anzanu, anayi mu kalasi yoyamba, asanu ndi mmodzi mu yachiwiri. Tengani yoyamba, ndipo mupemphe bedi la pansi chifukwa kukwera la pamwamba sitima ikugwedezeka n'kovuta. Imanyamukira ku Kapiri Mposhi, osati mu Lusaka, ndipo njanjiyi, imene anamaliza kumanga mu 1975 ndi thandizo la China, ndi yotalika makilomita 1,860. Musanagule tikiti mufunse tsiku limene ikunyamuka, komanso ngati ikupitirira mpaka ku Dar es Salaam kapena mukasintha pamalire a Nakonde ndi Tunduma.

Vuto lake ndi kuchedwa, nthawi zina maola ambirimbiri, moti simungadziwiretu ngati mukafike masana kapena usiku. Nyamulani madzi, mankhwala anu a masiku owonjezera ndi bulangeti lopepuka, chifukwa kumapiri a ku Mbeya kumazizira. Ikakafika usiku ndipo palibe wodzakutengani, khalani mkati mwa siteshoni pamodzi ndi azimayi amene munagona nawo chipinda chimodzi mpaka kuche.