Kodi feteleza ndiye waika mchere m'madzi a pamjigo wathu?

Mayi wina wa ku Ngabu wandilembera pa imelo kufunsa ngati feteleza amene amathira m'madimba ndiye wachititsa kuti madzi a pamjigo wa m'mudzi mwawo azimveka mchere, ndiponso ngati kuwawiritsa kungathandize.

Mayi, mchere umenewo sunayambe ndi feteleza wanu. Madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje ali ndi madzi apansi amchere chikhalire, chifukwa m'chigwa muno madzi amayenda pang'onopang'ono pansi pa dothi lamakande, ndipo dzuwa lathuli likawaumitsa, mchere umatsalira. N'chifukwa chake mumaona mijigo ina itasiyidwa ili yabwinobwino, anthu n'kumakatunga mu Shire momwe muli ng'ona.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chija lilime silingachimve. Mukathira Urea wopitirira amene chimanga chingadye, wotsalayo amasanduka nayitireti, amene amatsika ndi madzi othirira mpaka kukalowa m'zitsime zosazama, makamaka zija timakumba m'mphepete mwa dimba kuti tizithirira n'kumamwa pomwepo. Zimbudzi ndi makola a ng'ombe zimawonjezera nayitiretiyo, ndipo kusefukira kwa madzi ngati kuja kwa namondwe Freddy mu 2023 kumasakaniza zonsezi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati nayitireti asapitirire mamiligalamu 50 pa lita imodzi, chifukwa akachuluka amalepheretsa magazi a khanda kunyamula bwino mpweya, mpaka milomo yake kuchita bii. Kuwiritsa kumapha tizilombo ta kolera, koma nayitireti ndi mchere zimatsala, ndipo zimachulukirako popeza madzi ena athawa ngati nthunzi. Kolorini nayenso sazichotsa.

Malamulo alipo. Lamulo la Water Resources Act la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, lomwe limapereka zilolezo zokumbira mijigo ndi zotayira madzi oipa, pamene bungwe loona za miyezo ya zinthu la Malawi Bureau of Standards lili ndi muyezo wa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime. Koma kunena zoona, lamulo limagwira msanga fakitale yokhala ndi paipi imodzi yotayira zoipa kusiyana ndi madimba mazanamazana, amene lililonse likudonthetsera pang'ono pake.

Choncho komiti yanu ya mjigo ipite ku ofesi ya zamadzi ya boma la Chikwawa, kapena idzere kwa mlangizi wa zaumoyo, kukapempha kuti madziwo ayezedwe, ndipo itchule nayitireti mwachindunji. Pakadali pano chimbudzi ndi khola zikhale mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime, feteleza muzithira pang'onopang'ono osati kamodzi, ndipo amene amapopera thonje asatsukire masipuleya awo pamjigo kapena kutungira madzi m'zigubu zomwe munali mankhwala. Ngati m'nyumba muli khanda losakwana miyezi 6, liziyamwa bere lokha, lisalawe madzi a m'dimba.