Damper ikakweza manambala a kukungika kwa chingwe cha mlatho

Achimwene, mwati kukungika kwa chingwe komwe mwawerengera kuchokera pa accelerometer (kachipangizo koyezera kugwedezeka) kukuposa komwe jeki yokungira chingwe inaonetsa ndi pafupifupi 5 peresenti, ndipo mukufunsa ngati damping, kutanthauza kuzilala kwa kugwedezeka, ndiyo yalakwitsa. Pali zinthu ziwiri apa zomwe ambiri amaziphatikiza.

Damping ya chingwe pachokha ndi yochepa kwambiri, pa zingwe zazitali nthawi zambiri sifika ngakhale theka la peresenti. Tingoti yafika 1 peresenti: frequency (kuchuluka kwa maulendo omwe chingwe chimanjenjemera pa sekondi) imatsika ndi 0.005 peresenti basi, kukungika n'kusintha ndi 0.01 peresenti. Imeneyo musataye nayo nthawi. Onaninso kuti iyo imatsitsa manambala, pomwe anuwo akukwera.

Nkhani ili pa damper, chipangizo chochepetsa kugwedezeka chija amamanga chakumunsi, pafupi ndi pamene chingwe chalowa mu anchorage, pomwe chimamangiriridwa ku mlatho. Zipangizozi zinafala chifukwa zingwe zimagwedezeka moopsa mvula ikamagwa ndi mphepo. Anaziona pa mlatho wa Meiko Nishi ku Nagoya m'zaka za m'ma 1980, ndipo mlatho wa Erasmus ku Rotterdam anauika ma damper zingwe zitavuta mu 1996, chaka chomwe unatsegulidwa. Damper ndi yofunika, koma fomula yomwe mukugwiritsa ntchito, T = 4mL²f² (T ndi kukungika, m kulemera kwa mita imodzi ya chingwe, L utali wake, f frequency), sidziwa kuti ilipo. Imaganiza kuti chingwe chikugwedezeka momasuka kuyambira nsonga ina kufika ina.

Taganizirani chala chopanikiza waya wa gitala: waya sunakungidwe mowonjezera, koma mawu akwera poti gawo lonjenjemera lafupika. Chingwe cha mamita 100 chokhala ndi damper pa mamita 3, damperyo ikagwira osasuntha, chomwe chikugwedezeka ndi mamita 97. Frequency imakwera ndi 3 peresenti, ndipo popeza mu fomula imachulukitsidwa ndi iyo yomwe (f²), inu mukalembabe 100 kukungika kumaoneka kokwera ndi 6 peresenti. Damper ya mafuta yochunidwa bwino imagwira mwatheka, ndiye cholakwikacho chimakhala cha m'ma 3 peresenti. Akatswiri Pacheco, Fujino ndi Sulekh anafufuza khalidwe la damper yotere pa chingwe mu 1993, Krenk n'kudzalifotokoza ndi masamu mu 2000. Nambala yanu ya 5 ikugwa pakati pomwepa.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mtundu wa damperyo. Ya mafuta imalimba chingwe chikamagwedezeka mwachangu, motero pa ma mode (mitundu ya kagwedezekedwe ka chingwe, iliyonse ndi frequency yake), yachisanu imasunthidwa kuposa yoyamba. Mukagawa frequency iliyonse ndi nambala ya mode yake n'kuona zotsatira zikukwerakwera, musafulumire kunena kuti ndi kuuma kwa chingwe kokha. Ya friction, yogwira ntchito pokhulana kwa zigawo zake, ndiye yovutirapo: pa kunjenjemera kwakung'ono kwa mphepo ndi magalimoto, komwe ife timayeza, siterereka n'komwe, imangokhala ngati chingwe achikhomera pamenepo. Ngakhale mphira wa pakamwa pa paipi yomwe chingwe chimatulukira amachita zofananazo. Gwadani muunike ndi tochi, muone ngati wakhudza chingwe.

Chinanso, damping ikachuluka nsonga za pa spectrum (chithunzi choonetsa ma frequency omwe mwajambula) zimafutukuka n'kukhala zobuntha, ndiye kusankha frequency yeniyeni kumavuta. Jambulani kwa nthawi yotalikirapo, ndipo accelerometer muyiike patali ndi damper mmene dzanja kapena makwerero angafikire.

Ndikanakhala ine, ndikanapempha eni mlatho chilolezo chomasula damper pa zingwe ziwiri kapena zitatu tsiku lopanda mphepo, n'kuyeza isanamasulidwe komanso itamasulidwa, pa ola lomwe kutentha sikukusintha kwambiri. Kusiyana kwakeko kukupatsani utali weniweni wolowetsa mu fomula. Akakana, werengerani kawiri, ndi utali wonse komanso ndi utali woyambira pa damper, ndipo mu lipoti mulembe manambala onse awiri pamodzi ndi a jeki. Tiuzeninso utali wa chingwecho, pomwe damper yakhala ndi mtundu wake, tiwerengere limodzi.