Laputopu ya pa geni: kodi MRA imaichotsera pa msonkho?

Achimwene, mwafunsa ngati laputopu yomwe mukufuna kukagula ulendo uno mungaiwerengere ngati ndalama yomwe mwawononga pa bizinesi kuti msonkho utsike. Zimatheka, koma zimayambira pa mtundu wa msonkho womwe mumapereka.

Ngati muli pa presumptive tax, uja wa mabizinesi ang'onoang'ono womwe amangoyang'ana ndalama zonse zimene mwagulitsa pa chaka, palibe chochotsera. Kaya mwagula laputopu kaya firiji yosungira chambo, msonkho wake ndi womwewo. Kuchotsera ndi kwa munthu amene ali ndi TPIN (nambala ya wokhoma msonkho yochokera ku MRA), amalemba mabuku, ndipo amapereka income tax pa phindu lenileni kudzera pa Msonkho Online, njira ya MRA ya pa intaneti.

Kenako dzifunseni kuti makinawa ndi ogulitsa kapena ogwiritsa ntchito. Apa ndi pomwe ambiri a geni yodutsa malire amasokoneza. Mukabweretsa malaputopu asanu kuchokera ku Kariakoo kapena ku Johannesburg kuti mudzagulitse pa boma pano, amenewo ndi katundu ngati zitenje kapena nsapato, ndipo mtengo wake umachoka pa zomwe mwagulitsa. Otsala pa shelufu chaka chikatha amawerengedwa ngati sitoko. Koma imodzi yomwe mwaisunga kuti muzilemberapo maoda, ngongole za makasitomala ndi mainvoisi ndi chipangizo cha bizinesi. Imeneyo simuchotsa mtengo wonse chaka chimodzi. Imalowa pa capital allowances, komwe ndi kuchotsa mtengo wa chipangizo pang'onopang'ono chaka ndi chaka: pa makompyuta pali 20% ya poyamba pa chaka chomwe mwayamba kuigwiritsa ntchito, ndi 40% chaka chilichonse pa mtengo wotsala. Mwachitsanzo, ngati m'buku mwatsala K500,000, chaka chimenecho mumachotsa K200,000, chaka chinacho 40% ya K300,000, yomwe ndi K120,000. Mapelesenti amenewa amatha kusinthidwa pa bajeti, choncho muziwatsimikiza musanadzaze fomu.

Mumve bwino apa: ndalamayi imachoka pa phindu, osati pa msonkho. MRA sikubwezerani K200,000 m'manja. Imangochepetsa phindu lomwe akudulapo msonkho.

Mtengo wa laputopu si wa pa lisiti ya m'sitolo wokha. Onjezani zomwe mwalipira pa boda ndi thiransipoti yake. VAT nayo imalowa mu mtengo ngati simunalembetse VAT. Ngati munalembetsa, imeneyo mumaiitanitsa padera ku MRA ndipo musaiwerengere kawiri.

Tsono nkhani yaikulu ndi mapepala, ndipo apa ndikupemphani musachite ulesi. Wogulitsa akulembereni invoisi yokhala ndi dzina lanu kapena la bizinesi yanu monga lilili pa TPIN, tsiku, mtundu wa makina ndi serial number. Tembenuzani laputopuyo, muwerenge nambala ili pa kachikwangwani ka pansi, muione ngati ikufanana ndi ya pa pepala musanachoke pa kauntala. Kalisiti kongolembedwa kuti "laptop 1" ndi cholembera sikangakuthandizeni tsiku la odita, pomwe a MRA adzabwere kudzafufuza mabuku anu. Malisiti a pa makina aja amafufutika msanga, makamaka ndi kutentha kwa kuno kunyanja, moti pakatha miyezi ingapo mumangotsala ndi kapepala koyera. Jambulani pa foni tsiku lomwelo, mupangenso fotokope.

Mukafika pa boda, kaya pa Chiponde pochokera ku Mandimba, pa Songwe, pa Dedza kapena pa Mwanza, ionetseni kwa a kasitomu, ilembedwe. Ndikudziwa kuti anzathu ena amaichotsa m'katoni, kuiika m'chikwama cha zovala n'kunena kuti ndi yakale. Ena amapatsa wa njinga kuti adutse nayo njira ya kutchire. Kuwonjezera pa kuopsa kolandidwa katundu ndi kulipitsidwa chindapusa, mwadzitsekera nokha khomo. Mudzakauza bwanji a MRA kuti munagula ku Nampula chinthu chomwe a MRA omwewo alibe umboni woti chinalowa m'dziko? Chimodzimodzi kutsitsa mtengo: mukanena pa boda kuti munagula motchipa, kenako m'mabuku n'kulemba mtengo wokwera, mapepala awiriwo adzatsutsana, ndipo wolakwa mudzakhala inu.

Palinso vuto la ndalama zakunja. Invoisi imakhala m'mametikashi, m'marandi kapena m'mashilingi, pomwe mabuku anu ali m'makwacha. A kasitomu amasintha pa mtengo wovomerezeka, osati wa anyamata osintha ndalama pa boda. Mukagula ndalama kwa iwowo mumalipira zambiri koma mulibe lisiti, ndiye kusiyanako n'kovuta kukuteteza. Mukasinthira ku banki kapena ku bureau, sungani kapepala kake pamodzi ndi invoisi. Nthawi zina mukawerengera zonsezi, kugula ku Blantyre kwa wogulitsa wopereka lisiti ya VAT kumakhala kwanzeru kuposa kuthamangira mtengo wotsika wa kunja, komanso ikawonongeka muli ndi kobwerera.

Ngati madzulo ana amaoneranso mafilimu pa laputopu yomweyo, musalembe kuti yonse ndi ya bizinesi. Gawani mwachilungamo. Ngati magawo atatu mwa anayi ndi a ntchito, chotserani magawo atatuwo basi, ndipo muzitsatira kagawidwe komweko chaka ndi chaka. Bandulo ya intaneti, kukonzetsa ndi inki ya printa ndi zowonongedwa za chaka chomwecho, zimachotsedwa nthawi imodzi pa gawo la bizinesi.

Mukadzaigulitsa laputopuyo, lembani tsiku ndi mtengo. Ikapita pa mtengo woposa wotsala m'buku, zomwe zimachitika kwacha ikagwa mphamvu, zina mwa zomwe munachotsera kale zimabwerera pa phindu. Ikabedwa, katengeni lipoti ku polisi muliphatikize pa invoisi ija.