Konkire yodzitsendera yokha si konkire yothira madzi ambiri ayi

Sabata yatha wina wanditumizira imelo, akuti akumanga nyumba yosanja ndiye bilida wake wamuuza kuti asataye ndalama kubwereka vaibureta (makina onjenjemera otsendera konkire), angochulutsa madzi konkire izilowa yokha m'mapilala, ati ndi imene amati self-compacting concrete ija. Akufunsa kuti zoona?

Achimwene, chonde musalole zimenezo.

Konkire yodzitsendera yokhayo ilipodi, inayambira ku Japan. Pulofesa Hajime Okamura wa ku University of Tokyo ndi amene anabweretsa ganizoli mu 1986, pofika 1988 yoyamba inali itapangidwa, vuto linali loti amisiri odziwa kutsendera konkire ankachepa ndiye zomanga sizinkalimba. Anaithiranso pa maziko ogwira zingwe za mlatho wa Akashi Kaikyo womwe unatsegulidwa mu 1998.

Koma chimaiyendetsa si madzi. Amathiramo mankhwala otchedwa superplasticizer, kwale amamuchepetsa n'kusankha wamng'onowamng'ono, nthawi zambiri wosapitirira 20 mm, kenako amawonjezera zaufa monga fly ash (phulusa losalala la malasha) kapena ufa wa miyala ya laimu kuti igwirane ngati phala, ndiye imayenda yokha pakati pa zitsulo zothinana, miyala osatsalira m'mbuyo. Poiyesa amadzaza kachitini kokhala ngati ndowa yovundikira, akakakweza konkire ija imayala pathabwa, n'kuyeza kuti yafalikira bwanji, imafunika pakati pa 550 ndi 850 mm.

Nanga ya bilida wanuyo? Kwale amamira pansi, madzi a simenti n'kumatuluka m'mipata ya matabwa, ndipo ikauma mphamvu imakhala yochepa chifukwa madzi owonjezera aja amasiya timabowo mkati. Ine ndinaonapo pilala lotere atangochotsa matabwa, m'munsi mwake miyala yokhayokha, ndinapisa chala mpaka kukhudza chitsulo, mawa lake ndinapeza amatapo pulasitala bwinobwino, mwini nyumba osadziwa kanthu. Mpaka lero mtima umandiwawa, pamwamba pake panali podzagona ana.

Ngakhale yeniyeniyo ili ndi zake, ndi yodula, komanso imakankha matabwa kwambiri ngati madzi, akakhala okhoma mwachisawawa amaphulika. Imathandiza pomwe zitsulo zathinana moti vaibureta singalowe, kapena m'mafakitale oumba mabimu.

Pa nyumba yanuyo bwerekani vaibureta basi, ndipo tsiku lothira mapilala mukhalepo nokha, maso pa ndowa ya madzi.